Masiku asanu ndi limodzi mu mzinda wa akasupe wa Aix-en-Provence

Lolemba

Ndafika ku Aix-en-Provence, kumwera kwa dziko la France, madzulo ano thupi lili lefulefu, koma sindikufuna kugona ndisanalembe zimene ndaona, chifukwa ndikudziwa kuti pofika mawa zina zidzakhala zitayamba kale kuzimiririka m'mutu. Ndinakwera sitima yothamanga ku Paris masana, ndipo patatha maola atatu ndi mphindi zochepa ndinatsikira pa siteshoni imene inamangidwa pa chitunda chouma, patali ndithu ndi mzinda weniweniwo. Kumeneko kunali kundidikirira mwana wamkazi wa mchimwene wanga, amene akuphunzira zamalamulo pa yunivesite ya kuno, ndipo atangondiona anathamanga n'kundilanda chikwama, akuti: "Azakhali, mwafika nthawi yabwino, dzuwa silinalowe, tikaone madzi kaye tisanapite kunyumba."

Sindinamvetse zimene amatanthauza mpaka pamene tinatsika basi n'kuyenda pang'ono kufika pamphambano yaikulu yotchedwa La Rotonde. Pakati pa mphambanoyo pali kasupe womangidwa ndi anthu, wamkulu moti magalimoto amamuzungulira ngati mmene amazungulirira chulu pamsewu wa kumudzi. Anamangidwa mu 1860, m'lifupi mwake ndi mamita 32, ndipo pansi pake pagona mikango yachitsulo iwiriiwiri, pamene pamwamba penipeni payima zosema zitatu za akazi, wina woimira chilungamo, wina ulimi, wina ntchito zaluso. Madzi amatsika kuchokera m'mbale yaikulu yapamwamba n'kugwera m'dziwe lozungulira, ndipo ngakhale pali phokoso la magalimoto, mkokomo wa madziwo ndi umene umayamba kukufika m'khutu.

Ndiyenera kufotokoza kuti ndikamalemba mawu akuti kasupe m'zolemba izi, sindikunena kasupe wotumphuka yekha pansi pa phiri ngati amene timawadziwa kwathu, koma malo omangidwa ndi miyala pamene madzi obwera ndi mipope amatulukira usana ndi usiku osatsekedwa. Anthu a kuno amatcha mzinda wawo kuti mzinda wa akasupe 1,000, ndipo ngakhale chiwerengerocho n'chokokomeza, munthu sayenda mphindi zisanu osakumana ndi mmodzi. Dzina lenilenilo la mzindawu likuchokera ku madzi. Mkulu wa asilikali a Roma, Gaius Sextius Calvinus, atagonjetsa anthu a mtundu wa Salyens amene anali ndi linga lawo pa chitunda cha Entremont, anakhazikitsa msasa pafupi ndi akasupe a madzi otentha cha m'ma 122 Yesu asanabadwe, n'kuutcha Aquae Sextiae, kutanthauza madzi a Sextius. Mawu oyambawo anaphwanyika pang'onopang'ono m'kamwa mwa anthu kwa zaka mazanamazana mpaka anatsala Aix.

Pano nthawi ikupitirira 9 koloko usiku koma kunja kudakali kowala, ndipo pansi pa zenera la chipinda chimene ndagonamo pali kasupe wamng'ono wa pakhoma amene sakuleka kulankhula.

Lachiwiri

Tsiku lonse la lero ndalithera pa msewu umodzi ndi timisewu tozungulira pamenepo, ndipo sindikudandaula. Msewuwu ndi Cours Mirabeau, wotalika mamita 440 ndi wotambalala mamita 42, umene unalambulidwa cha m'ma 1650 pamene anagwetsa khoma lakale lotchinga mzinda kuti anthu olemera apeze poyendetsa ngolo zawo zokokedwa ndi akavalo. Mbali zonse ziwiri kuli mizere ya mitengo ya platane, imene makungwa ake amasendeka ngati a bulugamu, ndipo mthunzi wake ndi umene umachititsa kuti munthu apirire kutentha kwa mwezi uno wa Juni. Mbali imodzi kuli malo omwera khofi ndi odyera, ndipo mbali inayo kuli nyumba zazikulu za mabanja a oweruza ndi aphungu a khoti lalikulu la chigawo cha Provence, limene mfumu Louis XII inakhazikitsa kuno mu 1501. Pa khomo la imodzi mwa nyumbazi, Hôtel Maurel de Pontevès, pali zosema ziwiri za amuna amphamvu amene anyamula khonde pamitu pawo, nkhope zawo zitakwinyika ngati za munthu amene wasenza thumba la chimanga mtunda wautali.

Pakati pa msewuwu pali akasupe atatu otsatana, ndipo woyamba, wotchedwa Neuf-Canons chifukwa cha timipope take 9, ndi amene wanditsegula maso pa zimene ndabwera kudzaona. Anamangidwa mu 1691, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti mlomo wa dziwe lake ndi wotsika kwambiri, wosafika n'komwe m'mawondo. Mwana wa mchimwene wanga anandifotokozera kuti anaupanga dala chotero chifukwa cha nkhosa. Chaka chilichonse nyengo yotentha ikayandikira, abusa ochokera ku zigwa za ku Arles ankadutsa pano ndi magulu aakulu a nkhosa popita kumapiri a Alps kokadyetsa msipu wobiriwira, ndipo anali ndi ufulu womwetsa ziweto zawo pa kasupe ameneyu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganizira nkhosa zikukankhana, fumbi lili koboo, mabelu akulira m'makosi, kutsogolo kwa makomo a anthu olemekezeka kwambiri a m'chigawo chonsechi. Zinandionekera kuti akasupe amene alendo timawajambula lero ngati zokongoletsa sanamangidwe kuti tiziwayang'ana. Anali pomwera ziweto ndi potungira madzi, monga mmene mjigo ulili pakati pa mudzi, ndipo amene ankafika pamenepo m'mamawa anali antchito a m'nyumba ndi amayi onyamula mitsuko, osati eni nyumba zazitalizo.

Kasupe wachiwiri ndi amene ndamukonda koposa onse, ngakhale kuti ndi wosaoneka bwino poyerekeza ndi anzake. Amamutcha Fontaine Moussue, kutanthauza kasupe wa ndere, ndipo ukamuona koyamba umangoona chimulu chobiriwira chonyowa, chonga mwala wa mumtsinje umene wakhala m'madzi zaka zambiri. Madzi ake, amene anawalumikiza kuno mu 1734 kuchokera ku kasupe wotentha wa Bagniers, amatuluka ali pa madigiri 18 chaka chonse, ndipo popeza ali ndi laimu wambiri, laimuyo wakhala akuunjikana pamodzi ndi ndere mpaka anakwirira zosema zonse zimene zinali pamwalapo. Ndinapisa dzanja m'dziwemo ndipo madziwo sanali ozizira kapena otentha, anali ofunda pang'ono ngati madzi amene akhala mu ndowa pakhonde mpaka madzulo. Ndereyo inali yofewa pansi pa zala, koma ukaikanikiza umamva kuuma kwa mwala umene madziwo adziumbira okha. Akuti m'nyengo yozizira kasupeyu amafuka nthunzi m'mawa.

Kumapeto kwa msewu, pa kasupe wachitatu, kwayima chosema cha mfumu René, amene analamulira Provence n'kumwalira kuno mu 1480, chaka chimodzi chigawochi chisanagwere m'manja mwa mfumu ya France. Wosema wake ndi David d'Angers, ndipo anamupatsa phava la mphesa m'dzanja, chifukwa anthu a kuno amakhulupirira kuti ndi iye amene anabweretsa mphesa zotsekemera za muscat m'dziko lawo.

Madzulo tinalowa m'dera la Mazarin, kumwera kwa msewuwo, limene bishopu wamkulu Michel Mazarin, mchimwene wake wa kadinala wotchuka Jules Mazarin, analinganiza mu 1646 ndi misewu yowongoka yopingasana. Kuli zii kumeneko, ndipo pamphambano ina yaing'ono pali kasupe wa Quatre-Dauphins wa mu 1667, wosemedwa ndi Jean-Claude Rambot, pamene nyama zinayi za m'nyanja zazungulira chipilala, michira ili m'mwamba, madzi akutuluka m'kamwa mwawo kulowera mbali zonse zinayi. Tinakhala pa mlomo wa dziwelo mpaka mabelu a tchalitchi cha Saint-Jean-de-Malte analira, tikuonerera mwana wina akuyandamitsa tsamba pamadzipo, agogo ake atamugwira malaya kumsana.

Lachitatu

Ndinadzuka m'mawa kwambiri kuti ndikaone msika wa pa Place Richelme, umene umakhalapo tsiku ndi tsiku mpaka masana. Alimi anali atayala kale tomato wa mitundu yosiyanasiyana, adyo womangidwa m'mitolo, mabiringano, maolivi a m'mabeseni, tchizi cha mkaka wa mbuzi ndi mavwende aang'ono achikasu m'kati amene fungo lake limakupeza usanawaone. Mayi wina wogulitsa mavwende anandisankhira limodzi mwa kulinunkhiza kuphata kwake ndi kuliyesa kulemera m'dzanja, kenako anandifunsa tsiku limene ndikufuna kulidya, ndipo nditati lero anabweza limene anatola poyamba n'kundipatsa lina. Ndinagulanso timaswiti ta kuno totchedwa calisson, timene amapanga posinja mtedza wa amondi pamodzi ndi vwende ndi makoko a lalanje zophikidwa mu shuga, n'kupaka shuga woyera pamwamba. Ndi totsekemera kwambiri moti tiwiri tokha tinandikwanira.

Kuseri kwa msikawo kuli bwalo la nyumba ya khonsolo ya mzinda, pamene pali nsanja ya wotchi ya mu 1510 ndi kasupe wina amene pakati pake anaimikapo chipilala chakale cha Aroma. Kuchokera pamenepo msewu umakwera pang'ono kupita ku tchalitchi chachikulu cha Saint-Sauveur, kumene ndathera gawo lalikulu la tsikuli.

Tchalitchichi sichinamangidwe nthawi imodzi, ndipo ngakhale munthu wosadziwa za zomangamanga amaona kuti mibadwo yosiyana inasiya manja ake pamenepo, wina akuwonjezera pa khoma la mnzake osaligwetsa. Mbali imene inandigwira mtima ili kudzanja lamanja ukangolowa, ndipo ndi malo obatiziramo a cha m'ma 500, amodzi mwa akale kwambiri amene atsala mu France. Pansi pali dziwe la ngodya 8 lokumbidwa m'miyala, ndipo lazunguliridwa ndi zipilala 8 zimene anazitenga ku nyumba za Aroma zimene zinalipo kale pamalopo. Akhristu oyambirira a mzinda uno ankatsikira m'dziwemo thupi lonse, monga mmene mipingo ina kwathu imabatizira mumtsinje kapena kunyanja mpaka lero. Dziwelo ndi louma tsopano, ndipo ndinaima m'mphepete mwake ndikuyang'ana miyala imene mapazi onyowa anaipondaponda zaka 1,500 zapitazo. Ndinapemphera pamenepo, osati chifukwa chakuti ndinakonzekera kutero, koma chifukwa sindinaone china choyenera kuchita pamalo ngati amenewo.

M'kati mwa tchalitchi muli chithunzi chachikulu cha zigawo zitatu chimene Nicolas Froment anajambulira mfumu René mu 1476, chosonyeza Mose pa chitsamba choyaka moto, mfumuyo ndi mkazi wake Jeanne atagwada mbali ndi mbali. Kunja kwake kuli kabwalo kamkati ka m'zaka za m'ma 1100, kozunguliridwa ndi tizipilala tiwiritiwiri, kumene ansembe ankayendayenda powerenga mapemphero awo.

Masana tinatsikira kumadzulo kwa mzinda wakalewu kukaona Thermes Sextius, pamene madzi otentha amene anakopa Aroma akutulukabe ali pa madigiri opitirira pang'ono 30. Lero pamalopo pali nyumba yamakono yosambitsiramo anthu ofuna kupumula ndi kuthowa matupi awo, ndipo mitengo yake si ya munthu wamba. Ife tinangoyang'ana zotsalira za dziwe la Aroma zimene anazitchinga ndi galasi pakhomo, kenako tinabwerera. Ndinachoka pamenepo mtima usanakhazikike, chifukwa madzi amene anabereka mzinda wonse tsopano ali kuseri kwa chitseko cholipiritsa, pamene dzulo ndinawagwira ndi dzanja langa pakati pa msewu popanda wondifunsa kanthu.

Pobwerera tinadutsa pa kasupe wa Bagniers, pa kabwalo ka Chapeliers, amene pamwamba pake pali nkhope yamkuwa ya Paul Cézanne, wojambula zithunzi wotchuka wa mumzinda uno, yopangidwa potsatira chojambula cha mnzake Renoir. Mawa tikupita kudera limene Cézanne ankalikonda.

Lachinayi

Tisananyamuke, mwana wa mchimwene wanga anayamba waona pa intaneti ngati boma lalola kuti anthu alowe m'nkhalango lero. M'miyezi yotentha akuluakulu a chigawochi amalengeza tsiku ndi tsiku ngati mapiri ali otsegula, poopa moto wolusa, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa, popeza mu Ogasiti 1989 moto unapsereza mbali yaikulu ya phiri la Sainte-Victoire. Lero kunali kololedwa, choncho tinanyamula mabotolo a madzi awiriawiri n'kukwera basi yopita chakum'mawa.

Tinayamba kuyenda pa chitunda cha Bibémus, pamene panali migodi ya miyala imene inamanga nyumba zambiri za Aix. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake mzinda wonse uli ndi mtundu wa uchi dzuwa likamalowa, pakuti mwala wa kuno ndi wachikasu chofiirira, ndipo makoma amene osema anasiya atadula akuonekabe pakati pa mitengo ya paini. Cézanne anachita lendi kanyumba kuno kuti azisungamo zipangizo zake, ndipo anajambula miyala imeneyi kambirimbiri. Nthaka yake ndi youma gwaa, yodzala timiyala, tizitsamba take ndi taminga ndi tonunkhira, ndipo nyenje zinali kulira mwamphamvu moti tinkachita kukweza mawu polankhulana. Kulira kumeneku kunandikumbutsa mwezi wa Okutobala kwathu, mvula isanagwe, pamene dziko lonse limakhala likudikira.

Ndikulemba za kuumaku chifukwa ndi kumene kwandithandiza kumvetsa akasupe a mumzinda. Munthu amene wangoyenda pa Cours Mirabeau akhoza kuganiza kuti Aix ndi dziko la madzi ochuluka, koma zoona zake n'zakuti mzindawu wakhala ukulimbana ndi ludzu kwa nthawi yaitali. Akasupe a pansi pa mzinda ankachepa mphamvu m'chilimwe, anthu ankachulukana, ndipo m'zaka za m'ma 1830 kolera anapha anthu ambiri kuno. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa kuti kolera ndi chiyani, makamaka pambuyo pa mliri wa mu 2022 ndi 2023, ndipo tikudziwa kuti matendawa amatsata kumene madzi abwino akusowa. Mliriwo ndi umene unakankha akuluakulu a mzinda kuti amvere maganizo a katswiri wina wa zomangamanga wobadwira ku Venice, François Zola, amene anati atseke chigwa cha kamtsinje ka Infernet ndi damu, n'kukumba ngalande yotengera madziwo ku Aix.

Tinafika pa damulo titayenda kupitirira ola limodzi, tikutsika kanjira kamiyala. Ndi khoma la miyala lopindika ngati uta, msana wake utaloza kumene madzi akuchokera, kuti mphamvu ya madziwo izikankhira khomalo m'matanthwe a mbali zonse ziwiri m'malo molikankhira pansi. Ndi limodzi mwa madamu oyambirira a mtundu umenewu m'nyengo yamakono. François Zola sanalione litatha, chifukwa anadwala chibayo ntchito itangoyamba kumene n'kumwalira mu 1847, kusiya mkazi wake m'ngongole ndi m'milandu, pamodzi ndi mwana wamwamuna wa zaka pafupifupi 7. Damulo linayamba kugwira ntchito mu 1854. Mwana wamasiye uja ndi Émile Zola, amene anadzakhala mlembi wotchuka, ndipo ali pasukulu ya Collège Bourbon kuno ku Aix anapalana ubwenzi ndi Paul Cézanne, mwana wa wogulitsa zipewa amene anadzakhala mwini banki. Anyamata awiriwo ankabwera kudzasambira ndi kuyendayenda m'zigwa zomwezi, mmodzi akuponda pa ntchito ya bambo ake omwalira.

Tinakhala pamthunzi pafupi ndi khomalo n'kudya buledi ndi tchizi. Madzi a m'damumo anali obiriwira, osagwedezeka, ndipo kutsogolo kwathu phiri la Sainte-Victoire, limene nsonga yake yaitali imafika mamita 1,011, linali litayera mbuu ngati lawazidwa ufa. Cézanne analijambula maulendo ochuluka zedi mpaka imfa yake mu Okutobala 1906, imene inabwera patangopita masiku ochepa mvula yamkuntho itamupeza akujambula panja. Ndinafunsa mwana wa mchimwene wanga ngati madzi a damu ili ndi amene timamwa kunyumba kwake, ndipo anayankha kuti ayi, damuli linagwira ntchito zaka zochepa chabe mzinda usanayambe kukoka madzi ochuluka kuchokera ku mtsinje wa Verdon, kutali kumapiri. Kumtunda kwa chigwa chomwechi kuli damu lina lalikulu la Bimont, lomalizidwa mu 1952, limene limasunga madzi a Verdon obwera ndi ngalande ya Canal de Provence. Tinakwera mpaka kumeneko, miyendo ikuwawa, ndipo tinapeza nyanja ya madzi obiriwira mowala pakati pa mapiri ouma, madzi amene ayenda makilomita ambiri m'ngalande ndi m'mapanga obooledwa m'matanthwe kuti mpope wa m'khitchini ya mwana wasukulu usaume.

Pofika kunyumba botolo langa lachiwiri linali litatha kalekale, ndipo ndinamwa makapu atatu ndili chiimire.

Lachisanu

Lero sindinapite kukaona kasupe aliyense. Mwana wa mchimwene wanga anati: "Azakhali, simungachoke kuno musanaone Les Milles, chifukwa nawonso ndi Aix." Ndi ulendo waufupi pa basi kulowera kumwera chakumadzulo, ndipo umakafika pa nyumba yaikulu yofiira imene kale inali fakitale youmba matailosi ndi njerwa.

Kuyambira mu 1939 mpaka 1942 boma la France linasandutsa fakitaleyi kukhala msasa wotsekeramo anthu, ndipo anthu opitirira 10,000 anadutsa m'menemo. Oyamba anali nzika za Germany ndi Austria zimene zinkakhala mu France, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu amene anathawa ulamuliro wa Hitler, koma anatsekeredwa ngati adani chifukwa cha dziko lawo lobadwira. Pakati pawo panali ojambula ndi olemba ambiri, monga Max Ernst. Kenako mu Ogasiti ndi Seputembala 1942, Ayuda opitirira 2,000, amuna, akazi ndi ana, anakwezedwa m'mabogi a sitima pano n'kutumizidwa ku Auschwitz, msasa wophera anthu wa ulamuliro wa Hitler, kudzera ku misasa ya Drancy ndi Rivesaltes. Chimene malowa sabisa, ndipo ndikuwalemekeza chifukwa chosabisa, n'chakuti nthawi imeneyo asilikali a Germany anali asanalowe kumwera kwa France. Amene analemba mayina, kulondera zipata ndi kukweza anthu m'mabogi anali akuluakulu ndi apolisi a boma la Vichy, boma la France la nthawi imeneyo limene linkagwirizana ndi Germany.

Tinayenda m'mauvuni akale amene anthu ankagonamo, momwe muli mdima ndi fumbi lofiira la njerwa limene mpaka lero limakakamira ku nsapato. Tinakwera ku chipinda cham'mwamba kumene kunkagona akazi ndi ana, ndipo ndinaima pa zenera limene limayang'ana ku njanji. M'chipinda chodyeramo alonda muli zithunzi zimene akaidi anajambula pakhoma, ndipo zambiri ndi za chakudya, matebulo odzaza ndi migolo ya vinyo, zojambulidwa ndi anthu amene ankagona ndi njala. Madzi nawonso anali ochepa kwa khamu lonselo, pamtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera pamene mikango ya La Rotonde inagona m'mphepete mwa dziwe. Malowa anatsegulidwa ngati chikumbutso mu 2012, ndipo pa njanji yakaleyo anaimikapo bogi imodzi yamatabwa ya mtundu umene unanyamula anthuwo. Ndinayesa kuwerengera m'maganizo kuti mungalowe anthu angati m'menemo, koma ndinalekera panjira.

Pobwerera pa basi sitinalankhulane. Mwanayo anangotsamira paphewa langa monga ankachitira ali wamng'ono.

Loweruka

Sitima yanga inyamuka masana, choncho ndinatuluka ndekha 6 koloko m'mawa, mzinda usanadzuke. Pa Place d'Albertas, kabwalo ka m'ma 1740 kozunguliridwa ndi nyumba mbali zitatu, ndinapeza bambo wina wogwira ntchito ku khonsolo atavala majombo, ali m'dziwe la kasupe wachitsulo amene ophunzira a sukulu ya zaumisiri ya Arts et Métiers anaumba mu 1912. Anali kukwecha mkati mwa dziwelo ndi burashi ya mpini wautali, akuchotsa masamba, ndudu zotayidwa ndi tindalama tachitsulo timene alendo amaponyamo, ndipo ankagwira ntchitoyo modekha, ngodya ndi ngodya, ngati mayi amene akutsuka mtsuko wake asanatunge. Ndinamupatsa moni m'Chifalansa changa chochepa, iye anayankha akumwetulira, ndipo nditamusonyeza botolo langa lopanda kanthu anapukusa mutu n'kuloza madzi a m'dziwemo kuti si akumwa, kenako anandilozera njira ya ku mpope wina wapafupi umene madzi ake ndi abwino.

Ndinadzaza botololo kumeneko, ndipo ndinabwerera kudzera pa Cours Mirabeau, pamene ogulitsa a msika wa Loweruka anali atayamba kumanga matebulo awo pansi pa mitengo. Ndinaimanso pa kasupe wa ndere uja. Mpweya wa m'mawa unali wozizirirapo, choncho madziwo ndinawamva ofunda kuposa Lachiwiri, ndipo njiwa ziwiri zinali kumwa pamwamba pa chimulucho pamene madzi amatumphukira. Ndinasamba m'manja ndi kumaso, n'kudzipukuta ndi chitenje chimene ndinafunda paphewa.

Nditafika kunyumba ndinapeza mwana wa mchimwene wanga atawiritsa kale tiyi, ndipo anali akulongedza m'chikwama changa kabokosi ka calisson koti ndikapatse bambo ake. Basi yopita ku siteshoni inyamuka 11 koloko, ndipo wati andiperekeza mpaka pa chitseko cha sitima.